Mwendo Wake ndi Mwendo Wanga

Zimene ndinataya chaka chatha ndi izi.

Mkazi wanga.

Makina ake osokera, amene abale ake anadzatenga maliro atatha, monga kunayenera.

Mwendo umodzi wa buluku langa lakhaki.

Kulemera kwa munthu kumbuyo kwa njinga.

Mkangano umodzi umene tinali tisanaumalize.

Za choyambacho sindilemba zambiri. Ndilemba za mkanganowo, chifukwa ndikaukumbukira ndimapezeka ndikuseka ndekha pamsewu, anthu n'kumandiyang'ana.

Ndine mlangizi wa ziweto kuno ku Salima. Ntchito yanga ndi ya kudibi, kubaya ng'ombe, ndi kutenga magazi a ng'ombe zimene zalumidwa ndi kashembe n'kukawaona pa makina ku ofesi. Ku koleji anatiphunzitsa za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Za kavalo tinaphunzira masana amodzi, pa chithunzi, ndipo aphunzitsi ananena okha kuti ambiri a ife tidzapuma pantchito tisanagwirepo kavalo.

Loweruka lina tinapita ku Senga Bay kukagula usipa wouma, ine ndikupalasa, mkazi wanga ali kumbuyo atakhala cham'mbali, dengu pamiyendo. Anali wa kwa Maganga, wosoka zovala, wamfupi, wosachedwa kuyankha. Tili pa thandala la nsomba, munthu wina anandizindikira n'kunena kuti kumtunda kwa mudzi kuli madala ena amene chiweto chawo chavulala. Ndinaganiza kuti ndi bulu.

Anali kavalo wamkazi, wofiirira, wokalamba, msana wolowa. Mwini wake anali madala Achisilamu amene anagwira ntchito zaka zambiri pa munda wa thonje wa mzungu wina. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kavaloyo. Sankamukwera. Ankangoyenda naye pa chingwe kukamudyetsa ndi kukamumwetsa, akumuyankhula. Anthu a m'mudzimo ankamutcha mkazi wamng'ono wa madala, ndipo mkazi wamkulu weniweniyo ndiye ankaseka kwambiri.

Agalu anali atamuthamangitsa, iye n'kulowa mu waya waminga. Miyendo yonse yakutsogolo inali itang'ambika. Wakumanzere bala linali m'munsi, pafupi ndi chiboda. Wakumanja linali pamwamba pa bondo, lalikulu ngati chikhatho changa. Yonse inali yotupa ndi yotentha, ntchentche zili ng'waa. Kavaloyo ankangoima, akusinthasintha poponda.

"Adokotala," anatero madalawo, "ine sindifuna kuti azunzike. Kuli munthu wa boma ku Lifuwu, amene amawombera mvuu zikalowa mu mpunga. Ndinamutumira mawu. Koma mwezi uno ndi wa Ramadani, tangoyamba kusala. Sindingakhetse magazi a mnzanga ndili pa swaumu. Mwezi watsopano ukaoneka, tikadya Idi, ngati sakuyenda, wamfutiyo abwera."

Ine ndinali chigwadire, ndikuyesa kukumbukira chithunzi cha ku koleji chija. Mkazi wanga anaika dengu pansi, n'kuyandikira kavaloyo mopanda mantha, n'kumugwira tsitsi la pakhosi.

"Agogo, tsitsi lonseli, anyamata a chipani sanamuone? Amumeta ameneyu."

Madalawo anayang'ana uku ndi uku, kenaka anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja.

"Khadi ali nalo, mama. Ndinamugulira."

Kuyambira pamenepo anagwirizana awiriwo, ndipo ine ndinangokhala wantchito wawo.

Ndinatsuka mabala onse ndi madzi amchere, ndinapaka mankhwala a pabala aja a jivi, ndinamubaya jakisoni amene ndinali naye m'chikwama. Mwendo wakumanzere ndinaumanga bandeji bwinobwino. Wakumanja unandikanika. Pamwamba pa bondo la kavalo mpotakata kumtunda, kumunsi n'kowonda, choncho bandeji iliyonse inkatsetsereka n'kukagona pa chiboda. Nditangochotsa dzanja, kavaloyo anaweramitsa mutu n'kuyamba kunyambita balalo. Jivi yense anathera pa lilime.

Ku koleji anatiuza kuti chiweto chisamanyambite bala. Choncho ndinadula nsungwi zifupizifupi, ndinaziboola, ndinazilumikiza ndi chingwe n'kumuveka m'khosi kuti asathe kupinda. Mkazi wanga anati ndamuveka mkanda wa ukwati. Titabwerako pakati pa sabata tinapeza sanadye kanthu. Gaga ali m'beseni chikhalire, udzu ataupondaponda. Anangoima, khosi lili njo, maso ali pa ine.

"A Vetenale," anatero mkazi wanga, pakuti ndi mmene ankanditchulira akafuna kundiputa, "muchotseni zimenezo. Afa ndi njala bala lisanamuphe."

"Ndikamuchotsa anyambita."

"Anyambite. Galu amanyambita, ng'ombe imanyambita mwana wake. Inu mukadzicheka ndi lezala chala chimapita kuti?"

"M'kamwa muli tizilombo tambiri, mayi."

"Nanga chimapitiranji m'kamwamo?"

Madalawo anali chikhalire pa mpando wawo, akutimvera ngati wailesi.

Ndinamasula nsungwizo, osati chifukwa ndinagonja, koma chifukwa kavalo wosadya ndi kavalo wakufa. Anayamba wanyambita bala, kenaka anamaliza gaga yense. Mkazi wanga anapukuta manja pa chitenje.

"Basi tigawane. Wakumanzere ndi wanu, mumange mmene anakuphunzitsirani. Wakumanja ndi wanga, ine ndi lilime lake. Tione uyambe kupola ndi uti."

Ndinati mpikisanowo ndi wokondera, chifukwa mabala a m'munsi mwa mwendo amachedwa kupola, kulibe mnofu, ndi khungu ndi fupa basi. Iye anati bala lake ndi lalikulu kuposa langa, ndiye tafanana. Madalawo anavomera kukhala woweruza.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi, iye ali pa mkeka akusankha mpunga m'lichero, anandifunsa chimene chimatupitsa bala. Ndinakondwa, chifukwa zimenezi ndinkazidziwa. Ndinatapa mpunga pang'ono n'kuuyala pa mkeka. Ndinati m'magazi muli timaselo tofiira, tonyamula mpweya, ndiponso toyera, timene ndi asilikali a thupi. Khungu likang'ambika, asilikaliwo amathamangirako. Oyamba kufika amaitana anzawo, anzawowo amaitananso ena. Mitsempha imatakasuka kuti adutse, madzi amatuluka nawo limodzi, ndipo malowo amatupa, amatentha, amawawa. Ndinakankhira mpunga wonse pa kamwala kamodzi.

"Ndiye kutupa n'kwabwino?"

"Poyamba n'kwabwino. Koma akachuluka, osabalalika, amayamba kuwononga mnofu womwe anabwera kudzauteteza. Bala limangokhala lonyowa, osatseka."

"Ngati abale pa mlandu wa banja," iye anatero. "Amabwera kudzathandiza, mapeto ake atha nkhuku zonse, banja n'kutha."

"Chimodzimodzi."

"Ndiye pamafunika ankhoswe. Wina woti anene kuti zamveka, tiyeni tizipita kwathu." Anabweza mpunga wanga m'lichero. "Malovu ndi ankhoswe."

Ndinaseka, koma mawuwo sanandichoke m'mutu sabata yonse. Ndinkadziwa kuti malovu si madzi okha. Muli mapuloteni, tinthu timene thupi limapanga lokha, kalikonse ndi ntchito yake. Tinaphunzira kuti ena amathandiza kugaya chakudya, ena amaphwanya tizilombo. Koma panalibe amene anatiuzapo ngati pali puloteni ina imene imayankhula ndi asilikali aja kuti afatse. Ndinayamba kudzifunsa: m'kamwa mwa kavalo mumadutsa udzu wobaya, fumbi, minga, tsiku ndi tsiku, koma simutupa kawirikawiri. Ndani amaletsa ndewu m'menemo?

Ulendo wotsatira ndinanyamula timagalasi ta ku ofesi. Ndinagunditsa kamodzi pa bala langa, kena pa bala lake. Ndinafunanso malovu enieniwo, ndipo popeza ndinalibe botolo, ndinatenga kapu yachitsulo imene mkazi wanga anabweretsa yomwera madzi panjira. Ndinapatsa kavalo chinangwa, n'kutchera kapuyo kunsi kwa mlomo. Dovu linatsika lalitali, la thovu.

"Imeneyo ndi yanu mpaka kalekale," anatero mkazi wanga. "Musadzaibwezenso pa thandala langa."

Madalawo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anatembenuka n'kulavulira kumbali, monga ankachitira masana onse a mwezi wosala. Mkazi wanga anawayang'ana.

"Agogo, mukutaya mankhwala."

"Dzuwa likalowa ndiyamba kusunga, mama."

Malovu a m'kapu aja sanandiuze kanthu. Makina athu ndi oonera tizilombo ta kashembe, puloteni sangaione. Ndinangoona tizidutswa ta chinangwa. Koma timagalasi ta mabala tija, nditatipaka utoto, tinali ndi nkhani. Pa langa asilikali anali thithithi, ena atafa, ataunjikana. Pa lake analipo, koma apa ndi apo. Tsiku la msika mkazi wanga anadzera ku ofesi, ndipo ndinamuonetsa. Anatseka diso lolakwika, kenaka anapeza.

"Timadontho tofiirirati ndiye asilikali anu?"

"Ndi amenewo."

"Kwanu kuli msonkhano. Kwanga anthu apita kumunda."

Ndinamuuza kuti zimenezo sizikutsimikiza kanthu. Mwina lilime limangosesa, monga tsache, osati kuti malovu akuuza aliyense zochita. Mwinanso bandeji yanga ikusunga chinyontho. Pa kavalo mmodzi, mabala awiri osiyana malo, munthu wophunzira sangagamule.

"Munthu wophunzira akamaluza amayankhula nthawi yaitali," iye anatero, n'kunyamula dengu lake.

Kutupa kwa mwendo wake kunatsika msanga, zimenezo sindingakane. Pofika pakati pa mwezi bondo lakumanja linali litabwerera mwakale, pamene wanga unali udakali ngati mtsuko. Kavaloyo anayambanso kuluma bandeji yanga, kufuna kuthandiza kumenekonso. Ndinasinja masamba owawa a mtengo wa nimu n'kupaka pamwamba pa bandejiyo. Analawa kamodzi, anakweza mlomo kumwamba, mano onse pamtunda, ndipo sanayesenso. Mkazi wanga anakasuma kwa woweruza kuti ndikubera. Woweruza anati mwendo ndi wanga, ndingathe kuthira ndiwo zimene ndikufuna.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Kavaloyo sankadziwa polekera. Ankanyambita m'mawa, masana, madzulo, ndipo lilime la kavalo si thonje. Khungu latsopano likangoyamba kumera m'mbali, iye ankalichotsa. Bala linakhala loyera bwino, losatupa, koma losatseka, lofiira ngati nyama ya pa msika, ndipo pakati panayamba kutumphuka mnofu. Ntchentche zinabwerera. Nthawi yomweyo langa, pansi pa bandeji yake yowawa, linali litayamba kukokana pang'onopang'ono.

Ndinangoima pambali ndikuimba mluzu.

"Lekani mluzuwo," anatero mkazi wanga.

"Ankhoswe anu akhalitsa, mayi. Ayamba kudya nkhuku nawonso."

Anandiyang'ana, anayang'ana bala, kenaka tinakwera njinga kubwerera. Ndinkamva chala chake chikujambula pamsana panga, ngati mmene ankachitira akamaganiza kadulidwe ka diresi. Madala aja anali atatiuza tsikulo kuti mwezi watsala pang'ono, ndipo kavalo anali asanayambe kuyenda kupitirira pa mtengo umene ankamumangirira.

M'mawa mwake ndinapeza buluku langa lakhaki la kuntchito lili pa makina, mwendo umodzi palibe. Mkazi wanga anaudula, anautakasa ndi nsalu ina, anasokerera malamba awiri aatali, ndipo pamalo oyang'anana ndi bala anaikapo kachitseko ka mabatani.

"Limenelo linali buluku labwino," ndinatero.

"Linali ndi miyendo iwiri, inu mumapalasa ndi kabudula. Tiyeni."

Tinamuveka kavalo. Mwendo wa buluku unalowa bwino kuchokera ku chiboda, unakwera mpaka pamwamba, malamba tinawadutsitsa paphewa n'kumanga mbali inayo. Sunatsetsereke. Mkazi wanga anafotokozera madalawo dongosolo: m'mawa akachoka ku swala ku mzikiti atsegule mabatani, anyambite pang'ono, nthawi yongokwanira kumwa tiyi, kenaka atseke. Madzulo chimodzimodzi. Masana onse chitsekere, ntchentche zisalowe, lilime lipume.

Madalawo anazungulira kavalo wawo, manja kumbuyo.

"Mama, mutimangitsa. M'dziko muno wamkazi savala buluku."

"Ndi mwendo umodzi, agogo. Akabwera muwauze kuti ndi sokosi."

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Amayi ena ochokera ku thandala la nsomba anakhala pansi ndi kuseka. Mkazi wamkulu wa madala anati iye wakhala pabanja zaka zonsezi osasokeredwa kanthu ka mabatani. Kavaloyo anaima pakati pawo, akutafuna, ngati kalaliki wa kwa DC.

Panjira ndinati mpikisano watha, chifukwa bala lake tsopano lili ndi bandeji, ndiye kuti njira yanga yapambana. Iye anati bandeji yokhala ndi chitseko si bandeji, ndi nyumba, ndipo ankhoswe akubwerabe kawiri pa tsiku, kungoti aphunzira ulemu. Ndinati nsaluyo ndi yanga. Anati ulusi ndi wake. Tinakangana mpaka pa njanji, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaphonya dzenje limene ndimalidziwa bwino, tonse n'kutsikira mu udzu, iye akuseka, usipa uli mbwee.

Mabala onse anayamba kutseka. Khungu lotuwa linkalowa kuchokera m'mbali, tsiku lililonse pang'ono. Iye ankayeza lake ndi tepi yake yosokera, ine langa ndi chala. Kavalo anayamba kuponda ndi mphamvu, tsiku lina anakoka madala mpaka pa chitsime.

Sabata yomaliza ya kusala mkazi wanga anadandaula mutu. Tinati ndi dzuwa la pamsewu. Kenaka kunabwera kuzizidwa ndi kutentha thupi, ndipo mapiritsi a malungo sanagwire. Ndinapita naye ku chipatala, anamugoneka. Mchemwali wake wamkulu anabwera kuchokera kwa Maganga kudzamudikirira. Masiku amenewo sindiwalemba.

Mwezi unaoneka. M'mawa wa Idi mkazi wanga ndinamupeza atakhala tsonga pa bedi, atamwa phala, atamanga duku bwinobwino. Maso anali olowa koma anali ake. Anandifunsa ngati lero si tsiku la wamfuti. Ndinati ndi lero, koma sindipita. Anati ndikapanda kupita madala aja aganiza kuti adokotala athawa chifukwa zalephereka. Mchemwali wake nayenso anati ndipite, wodwala wapeza bwino. Ndinatenga njinga.

Ku Senga Bay anthu anali atavala zoyera, akuchokera ku mapemphero. Ndinakumana ndi madalawo pa msewu wa m'mudzi, mkanjo woyera, kofia yatsopano, chingwe m'manja. Kavalo ankabwera pambuyo pawo, akuyenda ndi miyendo yonse inayi, kutsimphina pang'ono chabe, buluku lake litachapidwa ndi kusitidwa. Wamfuti wa ku Lifuwu anali atafika kale. Ndinamupeza pakhonde, mfuti ataitsamiritsa ku khoma, akudya mpunga wa nyama ya mbuzi. Anati ulendo wabwino chotere sanayendepo chiyambire ntchito.

"Alhamdulillah," anatero madalawo. "Nanga mama ali kuti? Mlandu wawo ndigamula lero."

Ndinawauza kuti ali ku chipatala koma akupeza bwino. Tinatsegula mabatani. Bala lake linali litauma lonse, chipsera chosalala, ubweya utayamba kumera m'mbali. Ndinamasula bandeji yanga. Panatsala kamalo konyowa, kochepa ngati njere ya nsawa.

Madalawo anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Adokotala, pepani."

Anandipatsa mpunga wa Idi m'kambale, womanga pa nsalu, kuti ndikapatse wopambana. Njira yonse yobwerera ndinkakonza zokanena. Ndinkati ndikavomera kuti lake layamba, koma ndikakumbutsa kuti la m'munsi limachedwa, kuti popanda jakisoni wanga onse akanaola, kuti buluku linali langa. Ndinkadziwanso zimene akayankhe, ndipo ndinkaseka ndekha pa njinga.

Mchemwali wake ndinamupeza panja pa wodi, atakhala pansi, chitenje kumutu. Ataona ine anaimirira. Malungo anali atakwera kumutu dzuwa lili paliwombo, ndipo sizinatenge nthawi. Kambale kaja ndinapatsa mayi wina amene ankadikirira mwana wake.

Kavalo alipobe. Ndimapitako mwezi ukatha, ngakhale palibe chochiza. Madala amanditulutsira mpando, timakhala, iwo amakamba za mitengo ya thonje ya kale. Mwendo wa buluku anaupinda n'kuusunga m'nyumba. Kapu yachitsulo ija abale ake sanaitenge, chifukwa sinali pa thandala lake. Ili pa windo la ku ofesi, ndimaikamo timagalasi.

Za malovu sindikudziwabe. Ndikaona ng'ombe ikunyambita mwana wake, kapena galu akudzisamalira pamthunzi, funso lija limabwera. Ndikuganiza kuti mulidi kanthu m'menemo, puloteni ina imene imafika pamene asilikali achulukana n'kuwauza kuti zamveka. Ndikuganizanso kuti ikasiyidwa yokha ndi lilime, bala silitseka. Mwina tsiku lina munthu wa makina abwino kuposa athu adzaipeza n'kuipatsa dzina lalitali la Chingerezi. Ine dzina lake ndikulidziwa kale, koma sindingalilembe mu lipoti la boma.

M'mawa wa Idi uja, ndikutuluka, nditafika pa chitseko cha wodi, mkazi wanga anandiitana. Ndinatembenuka. Anali ataloza chala kwa ine, monga ankachitira ndikamapita ku msika ndekha.

"A Vetenale, mukapeza kuti wanga ndiye wayamba kupola, mudzanene zoona. Ndikawafunsa agogo."